Matimati Opirira Kuzizira: Mbewu Zakale Zimene Tiyenera Kusunga

M'mudzi wina wa m'mapiri a ku Dedza munali agogo ena a mumpingo mwathu amene pakhomo pawo sipankasowa matimati, ngakhale m'mwezi wa July pamene madzi a m'ndowa amakhala ngati akuluma zala. Matimati awo anali ang'onoang'ono, osaposa dzira la nkhuku, ndipo anali ndi kakhambi kokoma. Ife a zaumoyo tikapita kukawayendera, sankatilola kutsanzika chimanjamanja. Ankatimangira pang'ono pakansalu n'kunena kuti, “Ana anga, kadyereni ndiwo, koma njere zake musataye.”

Ife tinkadya n'kutaya njere. Agogowo atagona tulo ta imfa, adzukulu awo anasesa m'nyumba n'kutentha tinsanza tonse timene tinali patsindwi. Kansalu kamodzi mwa tinsanzato kanali ndi mbewu ija. Chaka chotsatira tinafunsa khomo ndi khomo m'mudzimo, koma palibe amene anali nayo. Mawu a akulu akoma akagonera.

Kuchokera nthawi imeneyo takhala tikuwerenga, kufunsa alangizi a zaulimi ndi kuyesa m'madimba mwathu kuti timvetse chimene chinkachititsa matimati aja kubereka pamene ena onse ayoyola maluwa. Zimene taphunzira tikufuna kugawana ndi mabanja a ku Dedza, Ntcheu, Neno, Zomba, Thyolo, Mulanje, Viphya ndi Misuku, kuti mbewu zabwino zimene zidakalipo zisapite ndi eni ake.

Chifukwa chake matimati amavuta kumalo ozizira

Matimati amakonda kutentha kwapakatikati. Amakula bwino masana akamafunda madigiri 21 mpaka 27. Usiku kukamazizira kutsika madigiri 13, mungu wa m'maluwa sugwira bwino ntchito, ndipo duwa limauma n'kugwa osasiya chipatso. Kukafika pansi pa madigiri 10, mtengo umangoima osakula. Chisanu chikagwa, masamba amada ngati awathira madzi otentha, ndipo ntchito ya miyezi iwiri imatha usiku umodzi.

Munthu akamakwera phiri, pa mamita 1,000 aliwonse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, n'chifukwa chake mbewu imene ikuchita bwino ku Salima kapena ku Balaka ikhoza kukhumudwitsa mlimi wa ku Bembeke kapena ku Tsangano m'miyezi ya June ndi July. Si ulesi wa mlimi ayi, ndipo nthawi zambiri si kuchepa kwa feteleza. Ndi usiku wozizira.

Vuto lachiwiri ndi chiwawu. Matenda amenewa amakonda malo ozizira ndi achinyontho, monga nthawi ya dzinja kumapiri kapena masiku a chiperoni ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ndi matenda omwewo amene amagwira mbatatesi, ndipo ndi amene anawononga mbatatesi ku Ireland kuyambira 1845 n'kubweretsa njala imene inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Mlimi akaona chiwawu amathamangira kupopera mankhwala, nthawi zina mpaka tsiku lokolola. N'chifukwa chake pamsika timapeza matimati okongola koma okhala ndi ufa wa mankhwala pakhungu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kwa ife amene timaphunzitsa kuti thupi ndi kachisi wa Mulungu, nkhani imeneyi si yaing'ono.

Komabe matimati si alendo kumapiri. Kwawo kwenikweni ndi kumadzulo kwa South America, m'mayiko a Peru ndi Ecuador, kumene abale ake akutchire amamera mpaka pamtunda woposa mamita 3,000 m'mapiri a Andes. Uku n'kutalika ngati nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje. Anthu a ku Mexico ndi amene anayamba kuwalima kwambiri, ndipo anafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Kuchokera kumeneko alimi a m'mayiko ozizira anayamba kusankha, chaka ndi chaka, mitengo imene inkabereka msanga chisanu chisanabwere.

Mbewu ya makolo ndi mbewu ya haibulidi

Tisanatchule mitundu, tifotokoze kusiyana kumodzi kofunika. Papaketi ya mbewu pakalembedwa F1, ndiye kuti ndi haibulidi. Mbewu imeneyi imapangidwa pokwatitsa mitundu iwiri, ndipo imabereka kwambiri m'chaka choyamba. Koma mukasunga njere zake n'kubzala, ana ake safanana ndi mayi wawo. Ena amakhala aatali, ena aafupi, ena obereka pang'ono. Choncho chaka chilichonse mumayenera kugula ina.

Mbewu ya makolo ndi yosiyana. Duwa la matimati limadzipatsa lokha mungu, motero njere za mtengo wa makolo zimabala mtengo wofanana nawo. Banja likhoza kusunga mtundu umodzi kwa zaka makumi ambiri popanda kulowa m'sitolo. Sitikunyoza haibulidi, chifukwa mlimi wa malonda ali ndi zifukwa zake zoigulira. Koma kwa mayi wamasiye amene akufuna matimati a ndiwo za tsiku ndi tsiku, mbewu yosungika ndi chuma.

Mitundu yochokera kumayiko ozizira

Mtundu wodziwika kwambiri pakati pa alimi a m'madera ozizira ndi Stupice. Dzina lake ndi la mudzi wina pafupi ndi mzinda wa Prague m'dziko la Czech Republic. Unafika ku America m'zaka za m'ma 1970 kudzera mwa Milan Sodomka, amene anatumiza njere zake kumeneko. Masamba ake ndi otambalala ngati a mbatatesi, zipatso zake ndi zofiira, zazikulu ngati dzira, ndipo zimayamba kupsa patapita miyezi iwiri chiwokerereni. Mtengo wake umapitiriza kukula ndi kubereka, choncho umafuna kuuzikira kamtengo.

Wachiwiri ndi Glacier wa ku Sweden. Nawonso uli ndi masamba ngati a mbatatesi, koma mtengo wake ndi waufupi. Umachita maluwa udakali waung'ono, ndipo zipatso zake n'zazing'ono ndi zotsekemera pang'ono. Wachitatu ndi Sub-Arctic Plenty, umene unapangidwa pamalo ofufuzira zaulimi a Beaverlodge m'chigawo cha Alberta ku Canada, kumene nyengo yolima ndi yaifupi zedi. Mtengo wake sutalika, umabereka nthawi imodzi n'kutha. Kukoma kwake sikufika pa Stupice, koma kufulumira kwake n'kosowa.

Ku Russia kuli Moskvich, dzina lotanthauza munthu wa ku Moscow. Zipatso zake n'zokulirapo kuposa mitatu yoyambayo, zozungulira bwino ndi zofiira kwambiri. Ku Russia komweko kuli nkhokwe ya mbewu yotchedwa ndi dzina la Nikolai Vavilov. Pamene mzinda wa Leningrad unazingidwa ndi adani kuyambira 1941 mpaka 1944, ena mwa ogwira ntchito kumeneko anafa ndi njala atazunguliridwa ndi mpunga, mtedza ndi mbewu zina zodyedwa, chifukwa anakana kudya mbewu zimene ankasungira mibadwo ya m'tsogolo. Tikakumbukira nkhani imeneyi, kansalu ka agogo kaja kamatipweteka mtima.

Palinso mitundu iwiri imene si yakale kwenikweni koma njere zake zimasungika. Oregon Spring ndi Legend inapangidwa ndi James Baggett wa ku Oregon State University ku America. Ubwino wake ndi wakuti imatha kubala chipatso ngakhale mungu utalephera chifukwa cha kuzizira. Zipatso zoyamba zimakhala pafupifupi zopanda njere, motero wofuna mbewu amadikira zipatso za nyengo yofunda. Legend amapirirako chiwawu, ngakhale kuti sapirira mitundu yonse ya matendawa. Wina wopirira chiwawu ndi Matt's Wild Cherry, timatimati ting'onoting'ono tochokera kudera la Hidalgo ku Mexico, tofanana kwambiri ndi tija timamera tokha padzala kwathu kuno.

Tikaika mitundu yonseyi pamodzi, tikuona zinthu zitatu zofanana. Yambiri ili ndi zipatso zazing'ono kapena zapakatikati. Yonse imacha msanga. Ndipo imagwira zipatso ngakhale usiku ukuzizira. Matimati akuluakulu odzaza m'manja amafuna masiku ambiri ofunda, ndipo kumapiri masiku amenewo ndi ochepa.

Chenjezo tisanathamangire mbewu zakunja

Tinene zoona pano. Yambiri mwa mitundu imeneyi inasankhidwa m'mayiko amene m'nyengo yolima dzuwa limawala maola 16 kapena kuposa patsiku. Kuno kwathu m'mwezi wa June usana ndi wa maola 11 ndi pang'ono. Mtundu umene umacha m'masiku 60 ku Sweden ukhoza kuchedwerapo ku Dedza. Komanso kupirira kuzizira sikutanthauza kupirira chisanu. Palibe mtundu wa matimati, ngakhale wa ku Siberia, umene umapulumuka madzi akaundana pamasamba. Ndipo ambiri mwa mitundu ya kumpotoyi sateteza ku chiwawu kapena ku kambozi ka tuta kamene kavutitsa alimi athu m'zaka zapitazi.

Chinanso, mbewu siilowa m'dziko mwachisawawa. Pamafunika chilolezo cha Unduna wa Zaulimi, chifukwa njere zimatha kunyamula matenda amene kuno kulibe. Mwana wanu wa ku Johannesburg kapena ku London akafuna kukutumizirani kapaketi m'chikwama, muuzeni ayambe wafunsa za chilolezo. Mkhristu sazembetsa katundu pachipata, ngakhale katunduyo ndi njere khumi. Kumvera lamulo limeneli ndi njira imodzi yokondera mnzathu amene dimba lake lili pafupi ndi lathu.

Chuma chimene tili nacho kale

Phunziro lalikulu la mitundu yakunja ija si lakuti tiyitanitse. Ndi lakuti anthu wamba anaipeza poyang'anitsitsa m'minda mwawo, ndipo nafenso tingachite chimodzimodzi. Ena sadziwa kuti Moneymaker, amene timagula m'masitolo a zaulimi, ndi mbewu yakale ya ku England ya zaka zoposa 100, ndipo si haibulidi. Inazolowera nyengo yosatentha kwambiri, ndipo njere zake zimasungika. Tengeru 97 ndi Tanya, zimene zinatulutsidwa ku Tanzania pafupi ndi mzinda wa Arusha, nazonso si haibulidi. Kumalo ofufuzira zaulimi a Bvumbwe ku Thyolo akhala akuyesa mitundu ya matimati yoyenera dziko lathu, ndipo alangizi a m'dera lanu angakuuzeni imene ikupezeka.

Koma musaiwale timatimati ta padzala. Palibe amatithirira kapena kutipopera, koma chaka ndi chaka timamera n'kubereka mpaka mkati mwa nyengo yozizira. Ana amatithyola posewera, akuluakulu amatinyoza kuti n'ta amphawi. Komatu kupirira kumene anthu a ku Ulaya amakulipirira ndalama zambiri kuli m'timatimati timeneti. Pitaninso kwa okalamba a m'mudzi mwanu ndi a mumpingo mwanu, muwafunse ngati ali ndi mbewu imene analandira kwa makolo awo. Funsani dzina lake, kumene inachokera ndi mwezi umene amafesa. Lembani m'kope.

Ku America bungwe la Seed Savers Exchange linayamba chonchi mu 1975. Diane Ott Whealy ndi mwamuna wake Kent analandira mbewu ziwiri kuchokera kwa agogo ake a Diane, imodzi ya maluwa, ina ya matimati otchedwa German Pink, zimene makolo a agogowo anabwera nazo kuchokera ku Bavaria. Agogowo atamwalira, banjali linazindikira kuti likapanda kusamala mbewuzo zitha. Lero bungweli, limene lili ku Decorah m'chigawo cha Iowa, likusunga mitundu ya mbewu yoposa 20,000. Kuno kwathu nkhokwe ya boma yosungira mbewu za makolo ili ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe. Koma mbewu imakhala yamoyo kwenikweni ikamabzalidwa ndi kudyedwa pakhomo.

Kalimidwe ka kumalo ozizira

Malo ndi chinthu choyamba. Mpweya wozizira ndi wolemera, choncho usiku umatsetsereka n'kukadikha kudambo ngati madzi. Dimba la pansi penipeni pa chigwa ndi limene limayamba kupsa ndi chisanu. Ngati n'kotheka, bzalani chapamtunda pang'ono. M'nyengo yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, motero malo oyang'ana kumpoto amafunda kuposa oyang'ana kumwera. Khoma la njerwa la nyumba kapena la khitchini limasunga kutentha kwa masana n'kukutulutsa usiku, ndipo mitengo isanu yobzalidwa m'mbali mwake ikhoza kudyetsa banja. Mbali imene kumachokera mphepo ya mwera mangani mpanda wa udzu.

Fesani panazale ya manyowa owola bwino, ndipo wokerani mbande zikatha masabata anayi kapena asanu. Kwirirani tsinde mozama mpaka pafupi ndi masamba oyamba, chifukwa tsinde la matimati limatulutsa mizu ina. Siyani masentimita 50 mpaka 60 pakati pa mitengo kuti mphepo izidutsa. Thirirani m'mawa, patsinde osati pamasamba, kuti masamba agone ouma. Chotsani masamba a m'munsi okhudza dothi. Musabzale matimati pamene munakolola mbatatesi, mabiringanya, tsabola kapena fodya, pakuti zonsezi n'za banja limodzi ndipo zimapatsirana matenda. Mtengo wogwidwa chiwawu kwambiri uzuleni n'kuukwirira kutali, osauponya pa kompositi.

Usiku wa chisanu umadziwika. Kumwamba kumayera, nyenyezi zimawala kwambiri ndipo mphepo imaleka. Madzulo otere fundani mitengo ndi matumba akale kapena udzu wouma, n'kuvundukula dzuwa likatuluka. Lachisanu chitani zimenezi dzuwa lisanalowe, pamodzi ndi kuthirira, kuti Sabata likupezeni mwakonzeka ndipo mtima uli m'malo.

Kasungidwe ka mbewu

Musatenge mbewu ku matimati otsala amene akanika kugulidwa. Yendani m'dimba ndi kachingwe, mumange pa mitengo itatu kapena isanu imene yayamba kubereka msanga, imene sinayoyole maluwa m'masiku ozizira, ndiponso imene yakhalabe yobiriwira anzake akudwala. Auzeni ana kuti mitengo ya kachingwe ndi ya mbewu. Ngati muli ndi mitundu ingapo, italikitseni mamita angapo kuti njuchi zisasakanize.

Zipatso zikapsa kwambiri, zidulani pakati n'kufinyira njere ndi madzi ake m'kapu. Vindikirani ndi kansalu, muike pamthunzi masiku atatu, kapena anayi kukakhala kozizira, mukuvundula kamodzi patsiku. Pamwamba padzachita chuku choyera ndipo padzanunkha, koma musadandaule. Kuwola kumeneku kumachotsa nembanemba yoterera imene imaletsa njere kumera, ndipo kumachepetsa matenda ena okhala pa khungu la njere. Ife timayamba ntchitoyi Lamulungu kuti kutsuka kuchitike pakati pa sabata.

Kenako thirani madzi. Njere zabwino zimamira, zopanda kanthu zimayandama. Tayani zoyandamazo, tsukani mpaka madzi ayere, ndipo yanikani pambale pamthunzi podutsa mphepo kwa sabata imodzi kapena iwiri. Musayanike padzuwa lamphamvu kapena pamoto. Zikauma, ikani m'kapepala, lembani dzina ndi chaka, ndipo tsekerani m'botolo louma lokhala ndi phulusa pang'ono pansi. Zikasungidwa pouma ndi pozizira, njere za matimati zimamera ngakhale patapita zaka zinayi. Mukabwereza kusankha kotere zaka zingapo, mudzakhala ndi mtundu wozolowera phiri lanu.

Phindu lake pa thanzi

Matimati ali ndi vitamini C, amene amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Izi n'zofunika kwa ife amene ambiri sitidya nyama, makamaka amayi oyembekezera ndi atsikana. Popeza vitamini C amawonongeka ndi moto, ndi bwino kuduladula matimati ena aawisi, otsukidwa bwino, n'kudyera pambali pa nyemba. Mulinso potaziyamu wothandiza pa kuthamanga kwa magazi, ndi lycopene amene amawapatsa mtundu wofiira. Lycopene amalowa bwino m'thupi matimati akaphikidwa ndi mafuta pang'ono kapena nsinjiro. Ndiwo zokhala ndi matimati okoma sizifuna mchere wambiri kapena zokometsera za m'mapaketi. Amene ali ndi matenda a impso ayambe afunsa dokotala za kuchuluka koyenera. Matimati si mankhwala olowa m'malo mwa a kuchipatala, ndi chakudya chabwino basi.

Akachuluka m'miyezi ya September ndi October, aduleni mopyapyala, muwayanike pathandala laukhondo ndi kufunda kansalu kopyapyala koteteza ku ntchentche. Akauma, asungeni ngati mfutso kuti adzakuthandizeni m'dzinja pamene chiwawu chawasowetsa pamsika.

Ntchito ya mpingo

Chaputala choyamba cha Genesis chimatiuza kuti Mulungu analenga zomera zokhala ndi mbewu mwa izo zokha, ndipo anazipereka kwa munthu kuti zikhale chakudya chake. Chaputala chachiwiri chimati munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Ukapitawo suthera pa chakhumi ndi zopereka. Umafikanso pa njere zimene tinalandira kwa makolo.

Mutu umodzi susenza denga. Mbewu imene ili m'nyumba imodzi yokha ikhoza kutha ndi moto, makoswe kapena maliro. Choncho tikupempha atsogoleri a zaumoyo, amayi a Dorika ndi achinyamata a Pathfinder kuti akonze tsiku limodzi Lamulungu, pachaka, losinthana mbewu. Aliyense abwere ndi timapepala ta njere tolembedwa dzina ndi mudzi. Mtundu uliwonse upite m'makomo atatu kapena kuposa, ndipo mlembi alembe amene watenga. Itanani ndi anansi amene si a mpingo wathu, chifukwa kuzizira sikusankha khomo.

Ife tinachita zimenezi chaka chathachi pansi pa mtengo wa kuseri kwa tchalitchi. Panabwera timapepala ta nyemba, chimanga cha makolo, maungu ndi mitundu ingapo ya matimati. Mayi wina wochokera kutsidya kwa mtsinje anabwera ndi njere zomatirira pakansalu kakuda, nati anazilandira kwa apongozi ake. Tazifesa m'makomo anayi, ndipo tikudikira July kuti tione ngati zidzagwira zipatso. Inunso sabata ino pitani kwa agogo a pafupi nanu, mukawafunse zimene anamanga patsindwi.